Za Pakhomo Pathu: Kodi Mwana Ayambe Liti Kudzithandiza Yekha?

Makolo anzathu, ndi inu achinyamata amene mawa lomweli mudzakhala ndi mabanja anuanu, mwezi uno takutengerani nkhani imene anthu aulemu wawo sakonda kuitchula pagulu. Chichewa chathu chimaizungulira patali. Timati munthu wapita kuseri, kapena wapatuka pang'ono, kapena wakataya madzi, ndipo mawu amene afala koposa onse ndi akuti wapita kukadzithandiza. Mawu otsirizawa tiwagwire bwino, pakuti amene anawapeka sanaphonye. Ntchito imeneyi ndiyo yoyamba imene munthu aliyense amaphunzira kudzichitira yekha, asanadziwe kusamba, asanagwire khasu, asanalembe n'dzina lake lomwe. Mayi angathe kumudyetsa mwana kufikira atasinkhuka, angathe kumusambitsa ndi kumuveka, koma pa ichi chokha palibe womuchitira. Gawo la ife akulu ndilo kumulambulira njira.

Ife amene timaphunzitsa ku pulayimale timaona zipatso za ntchito imeneyi sabata yoyamba ya Sitandade 1. Chichokere 1994, pamene boma linachotsa fizi ndipo chiwerengero cha ana m'sukulu chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, si chachilendo kuno ku Thyolo kupeza ana oposa 100 atakhala pansi m'chipinda chimodzi, mphunzitsi ali yekha. M'khamu lotere, mwana wa zaka 6 amene sadziwa kuzindikira nthawi yake, kupempha, kumasula kabudula ndi kubwerako ali waukhondo, alibe womuyang'anira. Zikamuchitikira pakati pa anzake, phwete amene amabuka satha tsiku lomwelo. Dzina lachipongwe limamukakamira. Mawa lake adandaula mutu, mkuja adandaula m'mimba, ndipo mayi adabwa kuti mwana amene ankalirira yunifolomu wadana bwanji ndi sukulu. Palinso mnzake amene sadziipitsira ayi, koma amadzigwira kuyambira m'mawa kufikira poweruka chifukwa choopa chimbudzi. Ameneyo mudzamuona akungotembenukatembenuka, osamva kanthu pa zonse zimene mphunzitsi akunena.

Tsono mwana ayambe liti? Amayi athu akale akanadabwa nalo funso limeneli, pakuti iwo ankayamba patangopita masabata ochepa mwana atatuluka m'chikuta. Mayi ankakhala pansi kuseri kwa nyumba, natambasula miyendo, nakhazika khanda pakati pa misongolo, kenaka naliza kamluzu kapansipansi kodutsa m'mano. Ankatero mwana akadzuka, akangotha kuyamwa, ndiponso nthawi iliyonse imene wamumva kumsana akuumitsa thupi kapena akusowa mtendere. Mayi wobereka mwana tsiku lonse amadziwa zizindikiro zimenezi monga mlimi adziwira mtambo wa mvula. Matewera anali osowa, sopo anali wosowa, chitenje chinali chimodzi; kuchenjera kumeneku kunabadwa ndi kusowako.

Anthu ophunzira anadzaitulukira nzeru imeneyi mochedwa. Mu 1977 Marten deVries ndi Rachel deVries analemba m'magazini ya madokotala a ana yotchedwa Pediatrics za Adigo, anthu okhala m'mbali mwa nyanja kummwera kwa Mombasa ku Kenya. Anapeza amayi akumeneko akuchita zomwe tafotokozazi, kukhazika khanda pamiyendo ndi kuliyimbira kamluzu, kuyambira masabata oyambirira, ndipo ana ambiri pofika miyezi 5 kapena 6 sankanyowetsanso msana wa mayi. Akatswiri ena a ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, anatsatira ana a ku Vietnam nafalitsa zimene anaona mu 2013: kumenekonso amayi amaliza mluzu, ana pofika miyezi 9 amakhala atazolowera kukhala pa kapoti, ndipo pokwana zaka 2 ntchito imakhala itatha mwa ambiri. Agogo athu a ku Thekerani kapena ku Goliati sanamvepo za Vietnam, koma anali kuyenda njira imodzimodzi.

Ku America zinthu zinayenda mwina. M'zaka za m'ma 1930 amayi kumeneko ankalangizidwa kukhazika khanda pa nthawi yoikika, wotchi ili m'manja, lifune lisafune, ndipo ambiri ankalanga ana olephera. Dokotala wa ana T. Berry Brazelton ananyansidwa ndi nkhanza imeneyi. Mu 1962, atatsatira ana oposa 1,000 amene ankabwera kwa iye, analemba kuti makolo adikire kufikira mwana ataonetsa yekha kuti wakonzeka. Mawu ake anali abwino, koma anagwa pa nthawi yake ya malonda, pakuti chaka cha 1961 kampani ya Procter & Gamble inali itayamba kugulitsa matewera otaya a Pampers. Kudikira kunapepuka, popeza panalibenso chochapa, ndipo msinkhu wosiyira thewera unakwera pang'onopang'ono kufikira cha m'ma zaka 3. Dokotala yemweyo atakalamba anaonekera pa kanema akutsatsa Pampers wamkulu wa ana osinkhuka; tisiyire pomwepo. Ku England mu 2024 bungwe la Kindred Squared litafunsa aphunzitsi, linamva kuti pa ana 4 oyamba sukulu, mmodzi amafika asanadziwe kudzithandiza.

Mapampasi amenewa anatifika ndithu. Pa Thyolo Boma, pa Luchenza, pa Bvumbwe, ngakhale pa kaokala ka pakomboni, amagulitsa limodzilimodzi monga ndudu. Sitikuwanyoza. Mayi wokwera minibasi ndi khanda kupita ku Limbe, kapena wogona m'chipatala, kapena wosowa pouma poyanika m'mwezi wa February, amawayamika ndipo ali ndi chifukwa. Chovuta chawo n'chakuti amagwira ntchito yawo mopambanitsa. Thewera lansalu likanyowa mwana amamva, nalira, nayamba kulumikiza m'mutu mwake chimene chachitika m'thupi ndi chimene chachitika pakhungu. Pampasi amamwa zonse, mwana nakhala wouma, ndipo iye ndi mayi wake onse awiri amataya chizindikiro. Onjezanipo ndalama zimene zimapita tsiku ndi tsiku pa malipiro a wothyola tiyi, ndiponso vuto la kotaya. Saola, sapsa bwino pamoto, akaponyedwa m'chimbudzi amadzaza dzenje msanga, akatayidwa kudzala agalu amawakokera pabwalo, ndipo mvula imatengera otsalawo ku Nsuwadzi ndi ku Thuchila, kumene anthu akumunsi amasamba ndi kuchapa.

Komatu pano pali zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzilekanitsa, pakuti kuzisakaniza ndiko kumene kumaliza ana ambiri. Khanda la miyezi 6 limene limakodza likamva mluzu silinaphunzire kudzithandiza. Wophunzira ndi mayi, amene wadziwa nthawi ya mwana wake. Kuti mwana amve yekha kuti chikhodzodzo chadzaza, adzigwire kwa kanthawi, ayende kupita pamalo pake ndi kutsitsa chovala, pafunika kuti ubongo ndi minyewa zikhwime, ndipo mwa ana ambiri zimenezi zimabwera pakati pa chaka ndi theka ndi zaka 2 ndi theka. Mudzazindikira poona kuti wakhala wouma maola awiri, wadzuka wouma pa tulo ta masana, akubisala kuseri kwa chitseko akafuna kubiba, kapena akukoka thewera lonyowa kuti mumuvule. Madokotala a ku Philadelphia mu 2003, atatsatira ana mazana angapo, anapeza kuti amene anaumirizidwa kwambiri asanakwane miyezi 27 sanamalize msanga kwenikweni, ntchito inangotalika. Awo anali ana okulira m'mapampasi, osati oberekedwa kumsana monga athu, koma phunziro lake likutikhudza. Kuzoloweza mwana kuyambe msanga monga ankachitira agogo. Kumuwerengera mlandu akalephera kudikire kufikira thupi lake litavomera.

Tibwere tsopano kwathu kuno, pakuti malangizo a m'mabuku amayesa kuti mayi ali pakhomo tsiku lonse. Tiyi anayamba kubzalidwa ku Thyolo mu 1908, Satemwa inatsegulidwa mu 1923, ndipo maesiteti monga Naming'omba, Makandi, Nchima ndi Conforzi anakula ndi manja a anthu obwera, ambiri mwa iwo Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Kufikira lero komboni ndi mudzi wa alendo. Kumudzi kwenikweni mayi akapita kudimba pali agogo, pali mayi aang'ono, pali alamu, manja osachepera anayi odziwa mwanayo. Pakomboni banja lili lokha, agogo anatsala ku Phalombe kapena ku Milange. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi masabata 8 a tchuthi cha uchembere kamodzi pa zaka 3, ndipo akatha masiku amenewo dengu likumudikira. M'dzinja, kuyambira December kufikira cha mu April, tiyi akaphuka kwambiri, amachoka kusanache, nabwera madzulo ali chinyowere, msana ukuwawa, nkhuni ndi madzi zikumuyembekeza. Munthu wotere sitingamudzudzule kuti bwanji sanakhale pansi kuyembekeza kuti mwana abibe.

Nanga mwanayo amatsala ndi yani? Maesiteti ena ali ndi malo osungirako ana, ndipo m'midzi yozungulira muli sukulu za mkombaphala zimene amayi odzipereka amayendetsa, zina mwa izo m'matchalitchi mwathu. Koma sizikwanira, ndipo za m'midzi zimalandira makamaka ana a zaka 3 kufikira 5. Mayi mmodzi wosalipidwa amene ali ndi ana makumi angapo sangathe kusintha matewera. Chotero kawirikawiri mlezi amakhala mchemwali wake wa zaka 7 kapena 8. Apa ndi pamene nkhani ino yatikhudza ife aphunzitsi kachiwiri. Tikamaitana maina m'kaundula m'miyezi ya dzinja, mayankho akuti "akulera mwana" timawamva kawirikawiri, ndipo dzina loitanidwalo limakhala la mtsikana. Mwana wa zaka 3 amene adziwa kudzithandiza angathe kupita ku mkombaphala, angathe kusiyidwa kwa mayi woyandikana nawo popanda kumulemetsa, ndipo mkulu wake angathe kubwerera m'kalasi. Ufulu umene akatswiri amanena kuti mwana amaupeza posiya thewera, kuno kwathu umagwera anthu atatu: mwanayo, mchemwali wake, ndi mayi.

Chifukwa cha ichi ife tikuti mayi wa pa esiteti awerenge miyezi monga awerengera kapitawo. Mwana amene akuyandikira zaka 2 musamuyambe m'dzinja, pamene inu mulibe mpata, zovala siziuma, ndipo pabwalo pali matope. Musamuyambenso mu June kapena July, pamene chiperoni chatsika kuchokera ku mapiri a ku Mozambique. Mwana wovala majuzi awiri sangadzivule, ndipo kuzizira kumamukodzetsa pafupipafupi. Nthawi yabwino ndi kuyambira August kufikira October. Tiyi wadulidwa ndipo masamba achepa, antchito a nyengo ali pakhomo, dzuwa likuumitsa chochapa pa ola limodzi, ndipo mwana angathe kusewera pakhonde ndi kamalaya kokha. Miyezi itatu imeneyi ikagwiritsidwa bwino, mvula yoyamba idzapeza mwana atagwira njira. Ngati m'nyumbamo mwangobadwa khanda lina, kapena mwangomuletsa kuyamwa, kapena mwangosamukira kukomboni ina, yambani mwadikira. Mtima wa mwana sunyamula akatundu awiri nthawi imodzi.

Palinso nkhani ya malo, imene ambiri amaidumpha. Timati mwana apite kuchimbudzi, koma kodi munayamba mwagwada n'kuchiona chimbudzicho ndi maso a munthu wa zaka 2? Chili kutali, mkati muli mdima, bowo ndi lalikulu loti mwendo wake wonse ungalowe, mitengo yapansi imanjenjemera, mphemvu zikutuluka, ndipo pakomboni mabanja angapo amagwiritsa chimodzi. M'boma lathu, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 700,000 opanikizana m'mphepete mwa minda ya tiyi, zimbudzi zambiri zimakumbidwa pamatsitso, ndipo tonse tikukumbukira momwe zinagwera pamene namondwe wa Freddy anatigwetsera mvula ya masiku angapo mu March 2023. Mwana woopa chimbudzi chotere si wopusa ayi, ndi wanzeru. Wosakwana zaka 4 asatumidwe yekha kudzenje. Mugulireni kapoti ka pulasitiki, kapena dulani chigubu chakale n'kusalaza m'mphepete mwake, chikhale pamalo amodzi odziwika, pakhonde kapena kuseri kwa nyumba. Akasinkhuka, mpala matabwa aliyense angakukhomereni thabwa la bowo laling'ono loika pamwamba pa bowo lalikulu. Chachikulu n'chakuti malowo akhale oti mwana angafikepo ndi miyendo yake popanda kuitana munthu.

Zotuluka m'kapoti zipite kuchimbudzi nthawi yomweyo, kapoti katsukidwe, madzi otsukirawo apitenso m'dzenje momwemo, bowo livundikiridwe. Pali chikhulupiriro chakale chakuti chimbudzi cha mwana chilibe vuto popeza iye amangodya phala ndi kuyamwa, chotero ena amangochikankhira kudzala ndi tsamba kapena kuitana galu. Zoona zake n'zotembenuka. Ana ang'ono ndiwo amatsekula m'mimba kawirikawiri, ndiwo amasunga njoka za m'mimba, ndipo amachitira pabwalo pomwe anzawo amakwawa, pomwe nkhuku zimapalasa, pafupi ndi thandala la mbale. Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 unagwira anthu oposa 58,000 m'dziko muno nupha oposa 1,700, ndipo mu January 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iwo. Katemera wa rota, amene ana akhala akulandira kusikelo chiyambire 2012, wachepetsa kutsekula koopsa, koma sateteza ku matenda onse oyenda ndi ntchentche ndi zala. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndipo azaumoyo amatiuza kuti kusowa chakudya si chifukwa chokha. Matumbo odwaladwala sagwira chakudya ngakhale chitapezeka. Ngakhale chilamulo cha Mose, mu Deuteronomo 23, chinalamula ankhondo kukhala ndi chokumbira ndi kufotsera kunja kwa msasa. Mwana akakupulumukirani muli kumunda, khasu lili pomwepo.

Kaphunzitsidwe kake sikafuna mawu ambiri. M'mimba mwa munthu mumayamba kuyenda akangodya, chotero mukhazikeni akatha phala la m'mawa, akadzuka, ndi asanagone, kwa mphindi zochepa zokha. Palibe chatuluka, adzuke akasewere. Mawu oitanira akhale amodzi kwa onse a pakhomo, mayi, bambo, mlezi ndi mayi wa ku mkombaphala, kuti mwana asasokonezeke. Akachita bwino muyamikireni pamaso pake. Akalephera pukutani mosachita phokoso, mumuuze kuti mawa achitira pa kapoti. Zovala nazo zili ndi mlandu. Takhala tikuona ana ovekedwa majini a kaunjika a lamba, zipi ndi mabatani, kapena zovala zija zolumikiza malaya ndi buluku zomanga pamapewa, zimene ngakhale munthu wamkulu amatuluka nazo thukuta. Kabudula wa lasitiki kapena kadiresi kosavuta ndiko kamene kamapatsa mwana mphamvu. Kudzipukuta kumachedwa kuposa zonse, ndipo ambiri amafuna thandizo kufikira zaka 4 kapena 5. Atsikana aphunzitsidwe kupukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kuti tizilombo tisafike kunjira ya mkodzo. Pomaliza pake ndi pa mpondagiya. Mumangireni wake wamfupi pambali pa wanu, sopo kapena phulusa zili pomwepo. Palibe mwana amene amakana kuponda kamtengo kuti madzi atuluke. Vuto lanu lidzakhala kumuletsa kuti asathe chigubu chonse.

Tsopano tinene za shamu, pakuti tikudziwa kuti ena mwa owerenga afika kale pamenepo m'mitima mwawo. Erik Erikson, katswiri wa maganizo a ana, analemba mu 1950 kuti pa msinkhu wa chaka ndi theka kufikira zaka 3 mwana amakhala pamphambano: kapena adzaphunzira kuti angathe kulamulira thupi lake ndi kudzichitira zinthu, kapena adzaphunzira manyazi ndi kudzikayikira. Sitikusowa kuvomereza zonse zimene azungu amalemba kuti tione kuti apa ananena zoona. Mwana womenyedwa chifukwa chodziipitsira saphunzira kupita kuchimbudzi, amaphunzira kubisa. Amayamba kudzigwira masiku awiri kapena atatu, chimbudzi chimauma m'mimba, potuluka chimamupweteka, ndipo kupwetekako kumamuonjezera mantha. Pamapeto pake zamadzimadzi zimadutsa m'mbali n'kumaipitsa kabudula iye osamva, makolo nayesa mwano, nathyola shamu ina. Kudzimbidwa kotereku mankhwala ake ndi madzi akumwa, mapapaya, mapeyala ndi nthochi zakupsa zimene Thyolo sasowa, masamba, ndi kuleza mtima, kukapitirira, kuchipatala.

Kukodza pogona ndi nkhani ina, ndipo pano tikulankhula ndi inu achinyamata makamaka. Kuuma usiku sikuphunzitsidwa. Kumabwera pamene thupi layamba kuchepetsa mkodzo wa usiku ndipo ubongo wayamba kudzutsa mwini wake chikhodzodzo chikadzaza. Pa ana 100 a zaka 5, pafupifupi 15 amanyowetsabe mphasa, chaka chilichonse ena amasiya okha, ndipo mmodzi kapena awiri amafika nako ku sekondale. Kumayenda m'magazi: bambo amene akukalipa m'mawa angachite bwino kufunsa amayi ake kuti iye anasiya ali ndi zaka zingati. Miyambo ija yosenzetsa mwana mphasa yonyowa anzake akumuwowoza, kapena yomumangirira chule m'chiuno, sinaumitsepo mwana ndi mmodzi yemwe. Amene anasiya pambuyo pake akanasiya ndithu popanda chule. Inu amene muli ku sukulu zogonera konko, mnzanu akakhala ndi vuto limeneli, muthandizeni kutulutsa matiresi mwakachetechete. Kwa makolo, chothandiza ndicho kumwetsa mwana madzi okwanira masana, kuchepetsa tiyi ndi thobwa madzulo, kumukodzetsa asanagone, kuika chitini pafupi popeza palibe mwana angatuluke yekha mumdima, ndi kuyala pepala la pulasitiki pansi pa chofunda. Koma mwana amene anauma kwa miyezi yambiri n'kuyambiranso, kapena akumva kuwawa pokodza, kapena mkodzo uli ndi magazi monga umachitira ndi likodzo, kapena akumwa madzi kosalekeza uku akuonda, ameneyo musamusunge. Pitani naye kukiliniki ya pa esiteti, ku chipatala cha boma pa Thyolo kapena ku Malamulo. Nthawi zinanso kuyambiranso kotere kumanena za mantha amene mwana sangathe kuwatchula, ndeu za m'nyumba kapena munthu amene akumuchita zoipa, ndipo kholo lanzeru limafunsa mofatsa.

Abambo anzathu, mwina mwawerenga kufikira pano mukuyesa kuti tikulankhula ndi akazi anu. Kukumba dzenje, kukhoma thabwa lija, kumanga mpondagiya ndi kulambula kanjira kopita kuchimbudzi ndi ntchito za manja anu, ndipo mnyamata wamng'ono amaphunzira msanga poona bambo wake kusiyana ndi pomva mawu a mayi. Chiyambire kusintha kwa lamulo la ntchito mu 2021, bambo nayenso ali ndi masabata awiri a tchuthi mkazi wake akabereka. Masiku amenewo mwana wamkulu uja, amene walandidwa msana mwadzidzidzi, ndiye amabwerera m'mbuyo n'kuyambanso kudzinyowetsa, ndipo womukhazika pa kapoti m'mawa woyenera ndinu. Pakomboni pamene mayi ndi bambo onse amathyola tiyi, kunena kuti thewera ndi la mkazi yekha n'kusawerenga bwino.

Nawonso akulu a mpingo ndi amayi a Mvano ayendere zimbudzi za pa tchalitchi ndi maso atsopano. Mapemphero a Mgonero amatenga maola atatu kapena anayi, ana a Sande Sukulu ali pomwepo chifikire m'mawa, ndipo m'malo ambiri bowo ndi la akulu okha, madzi osamba m'manja palibe. Thabwa limodzi ndi chigubu chimodzi sizifuna pepala la chopereka chapadera.

Kwa aphunzitsi anzathu a makalasi oyamba tili ndi pempho limodzi. M'sukulu zina mudakali lamulo lakuti mwana asatuluke asanapemphe m'Chingerezi, ndipo mwana wa zaka 6 amene kwawo amalankhula Chichewa kapena Chilomwe amaima pakhomo akusakasaka mawu kufikira madzi atatsikira m'miyendo. Chingerezi adzachiphunzira pa nthawi ya Chingerezi. Tsiku loyamba la teremu atengeni onse pamzere, anyamata kwawo atsikana kwawo, muwaonetse chitseko, popondera, chovundikira ndi posamba m'manja, ndipo mugwirizane nawo chizindikiro chimodzi, monga kukweza zala ziwiri, chimene mungachiyankhe ndi mutu wokha osadula phunziro. M'kabati mwa mphunzitsi wa Sitandade 1 musasowe kabudula mmodzi, kadiresi kamodzi ndi kachidutswa ka sopo. Komiti ya makolo ikapemphedwa, zimenezi imapeza pa msonkhano umodzi.